Air India: kampani imene boma linatenga mu 1953 n'kuibweza mu 2022

Pa 27 Januwale 2022 boma la India linapereka kampani ya ndege ya Air India m'manja mwa kampani ya Tata. Maboma amagulitsa makampani awo kawirikawiri, koma malonda awa anali ndi chachilendo chake: ogulawo ndi omwewo amene anayambitsa kampaniyi, amene boma linawalanda pafupifupi zaka 69 m'mbuyomo. Anthu ambiri akamva nkhaniyi amafulumira kugamula mlandu, amati boma silitha bizinesi, basi. Ine nditatsata mbiri ya kampaniyi chaka ndi chaka ndapeza kuti chigamulo chimenechi n'chapafupi kwambiri. Zaka zimene Air India inatchuka pa dziko lonse ndi zaka zomwezo zimene inali ya boma. Chimene chinaidwalitsa chinabwera pambuyo pake, pamene andale anasiya kukhala eni chabe n'kuyamba kuiyendetsa okha tsiku ndi tsiku.

Chiyambi chake chinali chaching'ono. Pa 15 Okutobala 1932 mnyamata wa zaka 28, a Jehangir Ratanji Dadabhoy Tata, amene aliyense ankangowatchula kuti J.R.D., ananyamuka ku Karachi pa kandege ka injini imodzi ka mtundu wa Puss Moth atanyamula matumba a makalata. Anatera ku Ahmedabad kukathira mafuta, kenaka n'kukafika ku Juhu, m'mphepete mwa mzinda wa Bombay, umene lero ndi Mumbai. Kumeneko mnzawo a Nevill Vintcent, amene kale anali woyendetsa ndege za nkhondo za Britain, analandira makalatawo n'kupitiriza nawo ulendo wa ku Madras. Pa nthawiyo Karachi anali mbali ya India wolamulidwa ndi Angelezi, Pakistan kunalibe. A J.R.D. ndi amene anali ndi laisensi yoyamba yoyendetsera ndege yoperekedwa ku India, ya mu 1929. Bwalo la ku Juhu linali dambo lamatope, ofesi yake kanyumba kofolera ndi masamba a kanjedza, ndipo mvula ikakula ntchito ankaisamutsira ku Poona.

Kabizinesi ka makalata aka kanakula n'kutchedwa Tata Airlines mu 1938, ndipo mu 1946 dzina linasintha kukhala Air India. India atalandira ufulu mu 1947, a J.R.D. anauza boma latsopanolo kuti dziko lodzilamulira liyenera kukhala ndi ndege zake zopita kunja. Boma linavomera, ndipo mu 1948 anakhazikitsa Air India International, mmene boma linali ndi magawo 49 pa 100 alionse koma oyendetsa anali a Tata. Pa 8 Juni chaka chomwecho ndege ya mtundu wa Constellation yotchedwa Malabar Princess inanyamuka ku Bombay kupita ku London kudzera ku Cairo ndi ku Geneva. Mu 1950 inayamba kutera kuno ku Africa, ku Nairobi, kumene kunali amwenye ambiri amene kufikira nthawi imeneyo ankadalira sitima za pamadzi akafuna kukaona kwawo.

Nanga boma linalandiranji kampani imene inkayenda bwino? Zifukwa zinalipo, ndipo sindikuona kuti zinali zopusa. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ku India kunatsala ndege zambiri za asilikali za mtundu wa Dakota zimene zinkagulitsidwa motsika mtengo. Aliyense wa ndalama anagulako n'kutsegula kampani yake. Makampani anachuluka kuposa okwera, anayamba kutsitsirana mitengo, ndipo ambiri anali pafupi kugwa. Komanso boma la a Jawaharlal Nehru linkakhulupirira kuti ntchito zikuluzikulu zogwira moyo wa dziko, monga njanji, magetsi, zitsulo ndi ndege, ziyenera kukhala m'manja mwa boma kuti zitumikire aliyense, ngakhale a kumadera akutali kumene wabizinesi sangapiteko chifukwa kulibe phindu. Choncho mu 1953 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo la Air Corporations Act, ndipo kuyambira pa 1 Ogasiti chaka chimenecho makampani onse a ndege anakhala a boma. Asanu ndi atatu oyenda m'dziko momwemo anawaphatikiza kukhala Indian Airlines, pamene maulendo a kunja anatsala m'manja mwa Air India International.

A J.R.D. anatsutsa zimenezi poyera. Anadandaula kuti boma linamanga mfundo osawafunsa, ndipo nkhawa yawo yaikulu inali yoti akuluakulu a m'maunduna, amene sadziwa za ndege, adzayamba kulamula anthu odziwa. Koma boma litawapempha kuti akhale wapampando wa Air India International, anavomera, ndipo anagwira ntchitoyi zaka 25 osalandira malipiro. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Umwini unasamukira ku boma, koma chiwongolero chinatsala m'manja mwa munthu wodziwa ntchito, yemwenso anali ndi dzina lolemera moti nduna sinkatha kungomuimbira lamya n'kumulamula.

Zotsatira zake zikuoneka m'mbiri. Mu Febuluwale 1960 Air India inalandira Boeing 707 yake yoyamba, ndipo chaka chomwecho inayamba kupita ku New York. Pofika mu 1962 inali itasiya ndege zonse zachikale n'kukhala kampani yoyamba pa dziko lonse kukhala ndi ndege za jeti zokhazokha. Mu 1971 kunabwera Boeing 747, ndege yaikulu kuposa zonse pa nthawiyo, mawindo ake atawajambulira ngati a nyumba zachifumu za ku Rajasthan. Chizindikiro cha kampaniyi chinali kachithunzi ka Maharaja, mfumu yonenepa ya ndevu zopotana ndi nduwira kumutu, ikuwerama mwaulemu, kamene a Bobby Kooka ndi a Umesh Rao anapanga mu 1946. M'maofesi ake a ku London, Paris ndi Geneva munkapachikidwa zithunzi za akatswiri a ku India monga M.F. Husain ndi V.S. Gaitonde. Mu 1967 katswiri wa ku Spain, Salvador Dalí, anaipangira timbale tothiramo phulusa la fodya topatsa makasitomala apamwamba, ndipo malipiro amene anapempha anali mwana wa njovu. Kampaniyo inamutumiziradi njovuyo.

Zonyaditsa izi n'zimene anthu amakonda kukumbukira, koma chimene ine chimandigwira mtima n'chaching'ono kuposa pamenepa. A J.R.D. akakwera ndege ya kampani yawo ankayenda m'kati monse ndi kapepala m'manja. Akatsika ankalembera mamanijala timakalata tonena za tiyi amene sanafulidwe bwino, mpando umene sukupendekeka mokwanira, kapena chimbudzi chosasamalika. Aliyense pakampanipo ankadziwa kuti pali munthu mmodzi amene akuona, amene adzafunsa, ndiponso amene adzakhalapobe chaka chamawa kuti afunsenso. Dziko losauka, limene anthu ake ambiri anali asanaonepo m'kati mwa ndege, linali ndi kampani yopikisana ndi za ku Ulaya, ndipo mwini wake linali boma.

Zinthu zinatembenuka mu 1978. Pa 1 Januwale chaka chimenecho Boeing 747 yotchedwa Emperor Ashoka inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Bombay, ndipo anthu onse 213 anafa. Patangotha mwezi, boma la nduna yaikulu a Morarji Desai, amene sankamvana ndi a J.R.D. kuyambira kale, linawachotsa pa mpando. Silinawauze n'komwe maso ndi maso. Anamva kuchokera kwa amene anawalowa m'malo, a P.C. Lal, mkulu wakale wa asilikali a m'mlengalenga. A Indira Gandhi atabwerera m'boma mu 1980 anawabwezera mu bodi ya kampaniyi, koma osati pa mpando. A P.C. Lal sanali munthu wosadziwa za ndege, ndipo kampani sinagwe tsiku lomwelo. Chimene chinagwa ndi mpanda umene unkalekanitsa kampani ndi unduna. Kuyambira pamenepo aliyense anadziwa kuti mkulu wa Air India amakhala pa mpando malinga ngati andale akumufuna.

Matenda a mtundu uwu sapha msanga. Akuluakulu a kampani anayamba kusinthidwa pafupipafupi, ambiri a iwo ochokera m'maofesi a boma, obwera kudzakhala zaka zochepa n'kubwerera. Munthu wodziwa kuti sakhalitsa sadzala mtengo wa mango. Nkhani zogula ndege, kutsegula njira zatsopano ndi kulemba anthu ntchito zinayamba kudikira siginecha ya ku Delhi. Maunduna ankakwera ndege pa ngongole n'kumachedwa kulipira. Kunja Maharaja ankaweramabe mwaulemu, koma chinali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Komabe ndiyenera kunena chilungamo: m'zaka zomwezi Air India inachita zinthu zoonetsa chifukwa chimene mayiko amafunira ndege zawozawo. Iraq italowa m'dziko la Kuwait mu Ogasiti 1990, amwenye ochuluka ogwira ntchito kumeneko anathawa kudutsa m'chipululu mpaka ku Jordan. Kwa miyezi iwiri Air India, mothandizana ndi Indian Airlines, inauluka maulendo 488 pakati pa Amman ndi Bombay n'kubweza kwawo anthu oposa 100,000. Palibe amene anayamba wawerengera phindu. Boma linalamula, ndege zinanyamuka. Kampaniyi inanyamulanso mabala a ndale za dziko lake: mu Juni 1985 zigawenga zinaphulitsa bomba m'ndege yake yochokera ku Canada ili pafupi ndi Ireland, ndipo anthu 329 anafa.

Malinga ngati kunalibe wopikisana naye, kufooka kwa kampaniyi kunkabisika. Koma mu 1991 India anatsegula chuma chake, ndipo mu 1994 lamulo lija la 1953 linathetsedwa. Jet Airways inali itayamba kale kuuluka mu 1993, ndipo pambuyo pake kunabwera makampani a mitengo yotsika: Air Deccan mu 2003, SpiceJet mu 2005, IndiGo mu 2006. Pa maulendo a kunja, makampani a ku Gulf monga Emirates anayamba kutenga anthu m'mizinda yambiri ya India n'kuwapititsa ku Ulaya ndi ku America kudzera ku Dubai. Boma la a Atal Bihari Vajpayee linayesa kugulitsa magawo 40 pa 100 a Air India mu 2001, ndipo a Tata anabwera limodzi ndi Singapore Airlines kudzagula. Andale ena ndi mabungwe a ogwira ntchito anatsutsa kwambiri, a Singapore anabwerera m'mbuyo, malonda n'kufera pomwepo.

Kenaka kunabwera zigamulo ziwiri zimene ndimaziona ngati nkhwangwa imene inagwetsa mtengo wofumbwa kale. Choyamba chinali kugula ndege. Kumayambiriro kwa 2004 Air India inkaganiza zogula ndege 28. Boma latsopano litalowa chaka chomwecho, a Praful Patel ali nduna ya za ndege, chiwerengerocho chinakwera kufika 68, zonse za Boeing, ndipo Indian Airlines nayo inaitanitsa 43 za Airbus. Zonse pamodzi zinali ndege 111, pafupifupi zonse zogulidwa pa ngongole. Ofesi ya mkulu wofufuza kayendetsedwe ka chuma cha boma la India, mu lipoti lake la 2011, inadzudzula kuti chiwerengerocho chinakwezedwa mothamanga popanda umboni wokwanira woti okwera adzapezeka, ndiponso kuti pa nthawi yomweyo boma linkapatsa makampani akunja mwayi wochuluka wotera m'mizinda ya India. Kunali kumugulira munthu ngolo zambiri pa ngongole kwinaku ukupatsa anzake msewu. Ndege za Boeing 787 zimene ankadalira kuti zichepetse ndalama za mafuta zinachedwa zaka zinayi, yoyamba inafika mu 2012. Zina mwa Boeing 777 zouluka mtunda wautali zinapezeka kuti zikungodya ndalama, ndipo zisanu anazigulitsa ku Etihad zisanakalambe n'komwe.

Chachiwiri chinali ukwati wokakamiza. Mu 2007 boma linaphatikiza Air India ndi Indian Airlines kukhala kampani imodzi. Pa pepala zinkaoneka zanzeru: ina ikudziwa za kunja, ina za m'dziko. Koma makampani awiriwa anali atakhala padera zaka 54. Ina inazolowera Boeing, ina Airbus. Malipiro anali osiyana, kakwezedwe pa ntchito kosiyana, mabungwe a ogwira ntchito osiyana, makompyuta ogulitsira matikiti osiyana. Zinatenga mpaka 2011 kuti matikiti onse ayambe kugulitsidwa pa chizindikiro chimodzi. Mu 2012 oyendetsa ndege a mbali ya Air India yakale ananyanyala ntchito masiku 58, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chokana kuti anzawo ochokera ku Indian Airlines aphunzitsidwe kuyendetsa 787. Kuyambira chaka cha ukwatiwo mpaka tsiku logulitsidwa, kampaniyi sinapangepo phindu lenileni chaka ngakhale chimodzi.

Apa funso limene limandivutitsa ndi lakuti: ankalipira ndani? Mu 2012 boma linavomereza kuthiramo marupi pafupifupi 300 biliyoni m'zaka zotsatira kuti kampani idzuke. Sinadzuke. Pofika pa 31 Ogasiti 2021 ngongole yake inali itapitirira marupi 615 biliyoni, ndipo akuluakulu a boma ankanena okha kuti ikutaya marupi 200 miliyoni tsiku lililonse. Ndalama zimenezi zinkachokera ku msonkho, umene amalipira ndi mlimi wa ku Bihar pogula sopo ndi mafuta ophikira, munthu woti mwina sadzakwerapo ndege moyo wake wonse. Mfundo ya a Nehru inali yoti ndege zikhale za boma kuti zitumikire onse. Pomalizira pake osauka ndi amene ankathandiza kulipirira maulendo a olemera. Nawonso ogwira ntchito sanapindule: kunali miyezi imene malipiro awo ankachedwa, ndipo ndi iwo amene ankalandira mkwiyo wa okwera pa zolakwa zimene zinapangidwa m'maofesi a ku Delhi.

Boma la a Narendra Modi linayesa kugulitsa magawo 76 pa 100 mu 2018. Sikunabwere wogula ngakhale mmodzi. Palibe amene ankafuna kusenza ngongole yonseyo kwinaku boma likadali m'nyumba ndi magawo 24 otsalawo. Pa ulendo wotsatira boma linagonja pa zonse ziwiri: linati ligulitsa kampani yonse, ndipo wogula anene yekha ngongole imene angasenze. Pa 8 Okutobala 2021 kunalengezedwa kuti a Tata apambana ndi marupi 180 biliyoni, pafupifupi madola 2.4 biliyoni a ku America, kuposa gulu la a Ajay Singh, mwini wa SpiceJet. Mwa ndalamazi, 27 biliyoni zokha ndi zimene zinali zopereka m'manja, 153 biliyoni inali ngongole imene a Tata anavomera kutenga. Ngongole yotsala, yoposa marupi 460 biliyoni, inatsalira boma, kutanthauza okhoma msonkho omwe aja. Wogula anauzidwa kuti asachotse ogwira ntchito, amene analipo pafupifupi 12,000, kwa chaka chimodzi. A J.R.D. sanalione tsikuli, anamwalira mu 1993 ku Geneva. Amene analiona ndi a Ratan Tata, amenenso anakhalapo wapampando wa Air India m'zaka za m'ma 1980.

Kodi kugulitsako kunachiritsa? Eni atsopano anabwera ndi chimene boma linalibe, ndalama ndi ufulu wogamula msanga. Mu Febuluwale 2023 anaitanitsa ndege 470, za Airbus 250 ndi za Boeing 220. Mu Novembala 2024 anaphatikiza Air India ndi Vistara, ndipo Singapore Airlines, imene inabwerera pakhomo mu 2001, tsopano ili ndi gawo loposa pang'ono limodzi mwa magawo anayi a kampaniyi. Ndipo amene ankaopa kuti kampani ya anthu wamba sidzathandiza dziko pa tsoka anayankhidwa msanga: nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu Febuluwale 2022, ndege za Air India zinapita ku Bucharest ndi ku Budapest kukatenga ophunzira a ku India, boma likulipira maulendowo. Koma mipando yothyoka ndi ndege zochedwa sizinathe tsiku limodzi, kampani inapitiriza kutaya ndalama, ndipo pa 12 Juni 2025 Boeing 787 yopita ku London inagwa itangonyamuka ku Ahmedabad, n'kupha anthu 241 mwa 242 amene anali m'ndegemo, kuphatikizapo ena amene anali pansi. Chimene chinawonongeka m'zaka 40 sichikonzeka ndi siginecha imodzi.

N'chifukwa chake sindivomereza kuti nkhani ya Air India ndi umboni woti chilichonse cha boma chimafa. Umboni wotsutsa tili nawo kuno konkuno. Ethiopian Airlines, imene inayamba kuuluka mu 1946, ndi ya boma yonse mpaka lero. Yadutsa mu ulamuliro wa mfumu Haile Selassie, wa asilikali a Derg ndi wa maboma otsatira, koma mwambo woti kampani iziyendetsedwa ndi anthu okulira m'ntchitoyo ndiponso izidzilipirira yokha unasungidwa. Lero ndi kampani ya ndege yaikulu kuposa zonse mu Africa. Zambia Airways itatsekedwa mu 1994 ndipo Air Malawi itasiya kuuluka mu 2013, maboma a mayiko awiriwa atafuna kuyambiranso anapita kukagogoda ku Addis Ababa. Ethiopian ili ndi magawo 49 pa 100 mu Malawi Airlines ndi 45 mu Zambia Airways yatsopano. Ndiye kuti makampani a boma amene anagwa anadzutsidwa ndi kampani inanso ya boma.

Choncho pamene ndimva anthu akukangana ngati kampani ya ndege, ya magetsi kapena ya njanji ikhale ya boma kapena igulitsidwe, mafunso anga amakhala ena. Amasankha mkulu wa kampaniyo ndani, ndipo angamuchotse pa chifukwa chanji? Nduna ikakwera, imalipira tikiti? Akafuna kugula ndege 68 m'malo mwa 28, alipo m'chipindamo amene angakane mawa n'kupezekabe pa ntchito? Ku Air India, kuyambira 1953 mpaka 1978, munthu wotero analipo, ndipo boma linali ndi nzeru zomusiya agwire ntchito. Vuto linali lakuti chitetezo chonsecho chinatsamira pa dzina la munthu mmodzi, osati pa lamulo. Atachoka iye, panalibe chotchinga, ndipo anthu a ku India analipira ngongole ya kusowa kwa lamulo limenelo kwa zaka 44.